Tsamba la Pinguicula likasintha: ndi matenda kapena ndi nyengo chabe?

Anthu ambiri amene amasunga Pinguicula, chomera chodya tizilombo chimene Angerezi amachitcha butterwort, amachipha pa nthawi imene sichikudwala n'komwe. Masamba ake otambalala, onyezimira ndi ulimbo, amayamba kufota limodzilimodzi, ndipo pakati pamamera timasamba tothinana, tonenepa, topanda ulimbo. Mwiniwake akaona zimenezi amati ludzu lachikwana, n'kuthira madzi ambiri. Pakatha masabata awiri kapena atatu chomera chija chaola, chatsala phala lokhalokha. Chikanasiyidwa chikanakhalapo mpaka chaka chamawa.

Vuto lake ndi lakuti tsamba lofota limaoneka chimodzimodzi kaya lafota ndi ukalamba, ndi dzuwa, ndi kusintha kwa nyengo kapena ndi matenda. Kuti mudziwe chimene chachitika pamafunika mafunso atatu: chomera chanu ndi cha mtundu wanji, ino ndi nyengo yanji kwa icho, ndipo kuwonongekako kwayambira pati, kunja kapena pakati.

Tsambalo ndi msampha, ndi mimba yomwe

Mitundu ya Pinguicula ilipo yopitirira 80. Yambiri imapezeka ku Mexico ndi mayiko oyandikana naye, ina ku Ulaya, kumpoto kwa America ndi ku Asia. Kuno ku Africa imangofika kumpoto kwenikweni, cha ku Morocco. Abale ake a banja limodzi ndiye tili nawo: Utricularia, timaluwa ting'onoting'ono timene timamera m'madambo ndi pamiyala yonyowa m'mapiri athu, ndi wa banja lomwelo la Lentibulariaceae.

Mukayang'anitsitsa tsamba la Pinguicula ndi galasi lokulitsira zinthu, mudzaona kuti pamwamba pake pali tiziwalo ta mitundu iwiri. Tina n'totalikirapo, tili ngati tiubweya, ndipo kansonga ka kalikonse kali ndi kadontho ka ulimbo. Tina n'tomatirira patsamba penipeni, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa madzi ogaya nyama. Kantchentche kakatera pofuna madzi amene kakuona akunyezimira, miyendo imakodwa. Kakamaphiriphitha kamakhudza madontho ena, ulimbo n'kuchuluka, mpaka katopa. Pamenepo madzi ogaya aja amatuluka, amasungunula zofewa za m'thupi mwake, ndipo tsamba limayamwa msuziwo kudzera m'timabowo ta pakhungu lake. Chimatsala ndi chikhokhombe chakuda chouma. Charles Darwin, m'buku lake la zomera zodya tizilombo la 1875, anayesa kuika tizilombo ndi tizidutswa ta nyama pamasamba a Pinguicula vulgaris, ndipo anaona m'mphepete mwa tsamba mukupindikira m'kati pang'onopang'ono.

Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri zothandiza pofufuza vuto. Choyamba, tsamba lokhala ndi timabowo totere limataya madzi msanga, n'chifukwa chake mphepo youma ndi dzuwa la masana zimalipweteka mwachangu. Chachiwiri, tsamba limeneli silinapangidwe kuti likhalitse. Malo amene agayapo kachilombo sagwiranso ntchito ngati kale. Chomera chimangophukira masamba atsopano pakati, akale n'kumakankhidwira kunja kumene amakafera. Choncho tsamba la pansi, logona padothi, likachita chikasu, n'kupyapyala mpaka kuonekera mbali ina, kenako n'kuuma, palibe chodandaulitsa. Lichotseni ndi kachitsulo kothothola nako likauma ndithu, kuti lisachite chuku, basi.

Mizu nayo imapusitsa. Ndi yochepa, yoyera, yopyapyala, ndipo silowa pansi kwenikweni. Mwa mitundu yambiri ya ku Mexico mizu imauma m'nyengo yozizira, moti mukakhudza chomera chimagwedera, nthawi zina kuzuka kumene. Amenewa si matenda. Chikhazikeni pomwepo, mizu yatsopano idzatuluka nyengo ikasintha.

Kwawo n'kuti?

Malangizo amene mungamve okhudza chomerachi kawirikawiri amatsutsana. Wina akuti chizikhala m'madzi nthawi zonse, wina akuti chiziuma. Onsewo akhoza kukhala akunena zoona, kungoti akunena za zomera zosiyana.

Za kumayiko ozizira, monga P. vulgaris (P. akuimira Pinguicula) ndi P. grandiflora imene imamera kumwera chakumadzulo kwa Ireland ndi m'mapiri a Pyrenees, zimakhala m'malo onyowa chaka chonse. Chisanu chikayandikira masamba onse amafa, n'kutsala kamphukira kolimba kothinana, kamene kamagona mpaka kunja kutafunda. Popanda miyezi ingapo ya kuzizira kwenikweni zimenezi zimafooka n'kufa, kotero kumadera otentha n'kuzitaya chabe. 

Za kumwera chakum'mawa kwa United States, monga P. primuliflora, P. lutea ndi P. caerulea, zimakonda kufunda ndi dothi lonyowa la asidi. Sizisintha masamba. P. primuliflora ili ndi khalidwe lake lobereka tiana kunsonga kwa masamba amene akhudza dothi, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti tsamba latupa ndi matenda.

Koma zimene zimagulitsidwa kwambiri m'masitolo a maluwa ku Britain, ku South Africa ndi kwina ndi za ku Mexico ndi zobadwa pokwatitsa mitundu yake, monga 'Tina', 'Weser' ndi 'Sethos'. Ngati chomera chanu chinabwera chopanda dzina, chili ndi masamba otambalala obiriwira motuwa kapena ofiirira, ndi duwa la pepo kapena la pinki pakamtengo kataliko, mwayi waukulu ndi wakuti ndi cha gulu limeneli. Izi ndiye zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa ndi zimene zimafa ndi chisamaliro.

Tengani P. moranensis. Akatswiri a zachilengedwe Humboldt ndi Bonpland anaitola paulendo wawo wa pakati pa 1799 ndi 1804, pafupi ndi mgodi wa Morán m'dera limene lero ndi Hidalgo ku Mexico, ndipo katswiri wa zomera Kunth anailemba mu 1817. Imamera m'mapiri a Mexico ndi Guatemala, m'nkhalango za paini ndi oak, kawirikawiri pamatanthwe ndi m'zigwembe zotsetsereka momwe muli ndere ndi kadothi kochepa. P. gypsicola ya ku San Luis Potosí, ku Mexico komweko, imamera pamiyala ya gypsum pamodzi ndi zomera za m'malo ouma. Si zomera za m'dambo ayi. Madzi amazidutsa, sakhazikika pamizu. Ndipo kumeneko mvula imagwa kuyambira cha mu Meyi kapena Juni mpaka Okutobala, kenako pamabwera miyezi youma ndi yozizira. M'miyezi imeneyo masamba aulimbo angakhale chiwopsezo, chifukwa angatayitse chomera madzi ake onse. Ndiye chimawataya, n'kuphukira timasamba tating'ono tonenepa tosunga madzi. Masamba a P. moranensis a nthawi ya mvula amatha kufika masentimita 10, pamene chomera chonse cha nthawi yachilala chimangokhala masentimita ochepa m'mimba mwake. Mitundu ina, monga P. gypsicola, imadzikoka kwambiri moti imafuna dothi louma gwaa. Ina, monga P. gigantea ya ku Oaxaca ku Mexico, imene ili ndi ulimbo pamwamba ndi pansi pomwe pa tsamba, sisintha kwenikweni, imangochepetsa kukula.

Lamulo labwino apa n'lakuti muzitsatira tsamba, kalendala ibwere pambuyo. Masamba atsopano akamatuluka aafupi, okhuthala, opanda ulimbo, chepetsani madzi mpaka dothi lizingokhala lachinyontho pang'ono kapena kuumiratu pakati pa kuthirira kwina ndi kwina. Akayambanso kutuluka otambalala, onjezani madzi pang'onopang'ono. Chomera chosungidwa m'nyumba, pansi pa nyali imene imayaka maola ofanana chaka chonse, nthawi zina sichisintha masamba konse, kapena chimasintha m'mwezi umene simumayembekezera. Musachikakamize pochiumitsa chikadali ndi masamba aulimbo.

Ulimbo ukasowa

Ili ndiye dandaulo lofala kwambiri. Masamba ndi otambalala bwino, si a nyengo yachilala, koma mukakhudza ndi chala ndi ouma. Anthu amathamangira kunena kuti mpweya wauma, n'kuyamba kupopera madzi pamasamba kapena kuvindikira chomera m'botolo. Kunena zoona, kawirikawiri vuto limakhala kuwala. Kupanga ulimbo kumafuna mphamvu, ndipo chomera chokhala pakona ya mdima chimayamba chasiya zimenezo. Umboni wake umaonekera pa masamba ena: amatalika, amafewa, amabiriwira mwambuu, ndipo chomera chonse chimapendekera kuzenera. Mitundu imene imayenera kufiirira, monga P. esseriana, P. ehlersiae kapena P. laueana, imakhala yobiriwira yokhayokha. Kufiirira kapena kuchita pinki kwa masamba si kupsa. Ndi chizindikiro chakuti kuwala kukukwanira.

Kupsa kumaoneka mwina. Kumabwera mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri chomera chitasunthidwa kuchoka mumthunzi kupita padzuwa, ndipo kumasiya zigamba zoyera kapena zofiirira ngati pepala pa masamba amene ali pamtunda, mbali imene dzuwa limachokera. Pakati pamakhalabe pobiriwira ndi polimba. Masamba opsawo sachira, koma otsatira ake amabwera ozolowera. Dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wowala masana ndi zimene zimagwirizana ndi mitundu yambiri. Ngati mukufuna kuwonjezera kuwala, teroni pang'onopang'ono kwa masabata awiri.

Kupopera madzi pamasamba kumangotsuka ulimbo umene ulipo, ndipo madzi otsalira pakati pa chomera ndi amene amayambitsa kuola. Chomera chimene changofika kumene paulendo kapena chongowokedwa kumene chimathanso kukhala chouma masabata angapo. Musaweruze poona masamba akale. Dikirani tsamba latsopano lotsatira, ndi limene limanena zoona za malo amene chomera chili tsopano.

Kuwonongeka kukayambira pakati

Apa ndiye pofunika kuchita changu. Pinguicula ili ndi malo amodzi ophukira, pamtima pake, ndipo pakawonongeka pamenepo chomera chatha. Alimi a zomerazi amadziwa matenda amene pa Chingerezi amawatcha browning heart disease. Amayamba ndi kuderako pakati, ndipo m'munsi mwa masamba, pamene alumikizana ndi tsinde, mumafiirira n'kufewa pamene nsonga zake zikadali zobiriwira. Mukakoka tsamba pang'ono limangothothoka, phata lake lili lofiirira ndi lonyowa. M'masiku owerengeka chomera chonse chimaphwasuka. Amene anawafufuza amawagwirizanitsa ndi fangasi ya Fusarium pamodzi ndi manematodi, timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene alimi a fodya ndi tomato amatidziwa bwino. Zimene zimawatsegulira njira n'zodziwika: kutentha, dothi lonyowa lothinana, mpweya wosayenda, ndi madzi ambiri pa nthawi imene chomera chikusintha masamba.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mukakuzolowera. Tsamba lokalamba limafa kuyambira kunsonga ndi m'mphepete kulowera m'kati, ndipo ndi la kunja. Tsamba la chomera choola limafa kuyambira kuphata kupita kunsonga, ndipo likhoza kukhala lililonse.

Ine sindilimbikitsa kutaya nthawi ndi mankhwala zikafika apa. Chotsani mphikawo pafupi ndi ina, makamaka ngati imamwera m'mbale imodzi, chifukwa madzi amanyamula matendawo. Thotholani masamba amene phata lake likadali loyera, dulani paliponse pamene pafiirira, n'kuwagoneka padothi latsopano. Dothi lakale litayeni, mphika muutsuke bwino musanaugwiritsenso ntchito.

Pali vuto lina la pakati limene silipha msanga. Masamba atsopano akamatuluka opotoka, okwinyika kapena opunduka, suzumirani pansi pake ndi pakati pa timasamba tanthete. Nsabwe za zomera zimabisala kumene kulibe ulimbo, pansi pa tsamba ndi pakamtengo ka duwa. Tizilombo toyera tokhala ngati tavala thonje, abale ake a kodikodi wa chinangwa, timakhala m'munsi mwa masamba ndi pamizu. Zochepa mukhoza kuzichotsa ndi kamtengo kosongoka kapena kathonje konyowetsa ndi spirit. Mankhwala a sopo ndi a mafuta amene amathandiza pa maluwa ena amawononga masamba a zomera zodya tizilombo, choncho apeweni. Mabowo akuluakulu ooneka m'mawa, pamodzi ndi kanjira konyezimira, ndi nkhono, ndipo ulimbo suziletsa n'komwe. Zifufuzeni usiku ndi tochi, ndiponso pansi pa mphika. Mbozi nazo zimadya, zimasiya timibulu takuda.

Chodabwitsa n'chakuti tintchentche takuda ta m'dothi lonyowa, timene chomerachi chimagwira kwambiri ndipo anthu ena amachigulira ntchito imeneyo, mphutsi zake zimatha kudya mizu ndi m'munsi mwa masamba ngati dothi ndi lonyowa mopitirira ndiponso lodzala ndi zoolerana.

Madontho akuda ndi chuku

Timadontho takuda tambirimbiri pamasamba nthawi zambiri ndi zikhokhombe za tizilombo togayidwa. Zisiyeni. Vuto limabwera chakudya chikakula. Ntchentche yaikulu ya m'nyumba, chidutswa cha nyama kapena cha usipa zimaposa mphamvu ya tsamba. Zimayamba kuola zisanagayidwe, chuku chotuwa chimamera, ndipo pamalopo pamabooka. Chomera chokhala pakhonde kapena pazenera lotsegula chimadzigwirira chokha. Cha m'nyumba yotsekeka mukhoza kuchipatsa kaufa kochepetsetsa ka chakudya cha nsomba za m'galasi, pa tsamba limodzi kapena awiri, kamodzi pa masabata angapo, ndipo pokhapokha chili ndi masamba aulimbo. Timasamba ta nyengo yachilala sitigaya kanthu.

Madzi ndi dothi

Zomera zodya tizilombo zinazolowera malo osauka, ndipo mizu yake imapsa ndi mchere wa m'madzi ndi wa feteleza. Alimi ambiri amatsatira muyezo wakuti madzi asapitirire 50 ppm pa kachipangizo koyezera mchere wosungunuka. Pinguicula za ku Mexico zimapirirako kuposa zomera zina zodya tizilombo monga Venus flytrap kapena Drosera, popeza zambiri zimamera pamiyala ya laimu, koma kupirirako kuli ndi malire. Mumphika mchere sutuluka, umaunjikana. Zizindikiro zake zimabwera mochedwa: chikhungu choyera pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa mphika, masamba atsopano omachepera chepera, m'mphepete mwake mofiirira, mizu yakuda. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Ngati mukutchera a padenga la malata, siyani oyamba apite ndi fumbi lawo. Madzi a pamjigo m'madera ambiri amakhala ndi mchere wochuluka, ndipo kuwawiritsa sikuthetsa vutolo.

Dothi la kudimba, manyowa, kompositi ndi dothi la m'matumba losakaniza kale ndi feteleza, zonsezi zimapha. Kwa mitundu ya ku Mexico pamafunika zosakaniza zopita mphepo, zambiri zikhale zamiyala: timiyala topepuka monga perlite, pumice ndi vermiculite, mchenga wokhakhala wotsukidwa bwino, ndi peat (zoolerana za zomera za m'dambo) pang'ono kapena osaikamo n'komwe. Aliyense ali ndi kasakanizidwe kake ndipo amakakamira kuti kake ndiye kabwino, koma zonse zimene zimagwira ntchito zimafanana pa chinthu chimodzi: mukathira madzi amadutsa nthawi yomweyo. Zomera zogulidwa m'sitolo kawirikawiri zimabwera mu peat yekhayekha, amene amasunga madzi kwambiri. M'nyumba zolimira za akatswiri zimenezo zimayenda, koma pazenera lanu m'nyengo yozizira ndi pamene kuola kumayambira. Mitundu ya ku United States ndi ya kumayiko ozizira ndiyo imafuna peat wosakaniza ndi mchenga, wonyowa nthawi zonse.

Thirirani kuchokera pansi. Ikani mphika m'mbale ya madzi okwana sentimita imodzi kapena awiri, ndipo mbaleyo iziyamba yauma tsiku limodzi kapena awiri musanathirenso. Mphika usakhale wakuya, poti mizu yake sifuna zimenezo.

Nanga kwathu kuno?

Nyengo ya mapiri a Mexico ndi ya mapiri athu zili ndi kayendedwe kofanana, miyezi yokha ndi imene yatembenuka. Kwathu mvula ndi kufunda zimabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako kuzizira ndi kuuma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Munthu wa ku Dedza, ku Zomba kapena ku Mzuzu angayembekezere masamba aulimbo m'dzinja ndi timasamba tothinana cha mu Juni ndi Julayi, mosemphana ndi zimene mabuku olembedwa ku Ulaya amanena. Chomera chochokera kumpoto kwa dziko lapansi chimasokonezeka chaka choyamba, ndipo apa ndi pamene kutsatira tsamba kumapulumutsa. Choopsa kwambiri ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, kumene usiku suzizira. Zomerazi zimakonda masana ofunda bwino ndi usiku wozizirirapo. Kutentha kukapitirira madigiri 30 masiku otsatizana, dothi lili lonyowa, ngozi ya kuola imakula. Mthunzi wowala, mphepo yoyenda ndi madzi ochepa zimathandiza kuposa kuthirira kowirikiza. Mvula yamphamvu nayo imatsuka ulimbo ndi kukwirira masamba ndi dothi, choncho pakhonde lofolera ndi pabwino kuposa pabwalo. Ndipo kulowetsa chomera chamoyo kuchokera kudziko lina kumafuna chilolezo ndi zikalata za umoyo wa zomera, si chinthu chongoika m'chikwama.

Chitetezo chenicheni pa matenda onsewa ndi kukhala ndi zomera zingapo m'miphika yosiyana, ndipo mitundu ya ku Mexico imachulukitsika mosavuta. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa nyengo yachilala, masamba aulimbo asanayambe. Gwirani kamodzi mwa timasamba tonenepa ta kunja, kakokereni pansi ndi cham'mbali kuti kachoke ndi phata lake loyera, chifukwa mphukira imatulukira pamenepo. Kagonekeni pamwamba pa dothi lachinyontho pang'ono, osakakwirira, pamalo owala opanda dzuwa lolunjika. Pakatha masabata awiri mpaka anayi pamaoneka kamphukira kuphata, nthawi zina tiwiri kapena titatu, ndipo kamadya tsamba la make mpaka litafota. Mukhoza kuchotsa masamba angapo pa chomera chimodzi chathanzi osachipweteka, bola musakhudze a pakati.